Liwu la gitala wathu silili mu ampu ya mavalavu

Anyamata oyimba gitala m'dziko muno agwidwa ndi chilakolako chimodzi, ndipo kuno ku Salima chafika poipa. Mnyamata akangodziwa makodi angapo n'kuyamba kuitanidwa ku maukwati a ku Kamuzu Road kapena kumalo ogona alendo ku Senga Bay, amatsegula YouTube pafoni, n'kumva munthu wa ku Nashville kapena ku London akumuuza kuti liwu lenileni la gitala limatuluka mu ampu ya mavalavu basi, ndiponso kuti pickup imene ili pa gitala wake ndi yachabechabe, aichotse aikepo ina ya dzina lotchuka. Kuyambira tsiku limenelo mtima wake sukhalanso m'malo. Ndalama yogulira nsambo zatsopano amayamba kuisunga kuti adzagulire ampu ya Marshall. Gitala amene ali m'manja mwake amayamba kumunyoza. Ine ndikunena mosapsatira mawu kuti ambiri mwa anyamata amenewa akuthamangira liwu la eni ake, liwu loti silikwana m'nyimbo zathu, pa magetsi athu, ngakhale pa mchenga wathu. Ndipo amene akuwasocheretsa kwambiri si anthu a pa YouTube aja ayi. Ndife, eni mabandi, akuluakulu a mipingo ndi okonza zisangalalo, amene sitinakhalepo pansi n'kufunsana kuti kodi gitala wa Chimalawi amayenera kulira motani.

Liwu limabadwira pa pickup, ndipo kachipangizo kameneka sikovuta kukamvetsa. Ndi maginito okulungidwa ndi kawaya kakopa kopyapyala kwambiri, kozungulizidwa kambirimbiri, pafupifupi ka 8,000 pa pickup ya gitala wa Stratocaster. Nsambo yachitsulo ikamanjenjemera pamwamba pa maginito aja, m'kawaya muja mumabadwa timagetsi tochepa, ndipo timagetsi timeneto ndi timene ampu imatikuza mpaka kugwedeza sipika. Nzeru imeneyi anaiyambitsa George Beauchamp ku America cha m'ma 1931, ndipo mpaka lero sinasinthe kwenikweni. Pickup ya koyilo imodzi, imene amaitcha single coil, ndi imene Leo Fender anaika pa Telecaster ndiponso pa Stratocaster ya 1954. Liwu lake ndi lowala, lakuthwa, loti nsambo iliyonse imamveka payokha. Chilema chake n'chakuti imatola mkokomo wa magetsi a m'nyumba, kung'ung'udza kuja kumene timakumva woyimba akangochotsa dzanja pa nsambo. Pofuna kuthetsa mkokomo umenewu, Seth Lover wa kampani ya Gibson anapanga humbucker mu 1955, ndipo inayamba kuikidwa pa magitala a Les Paul mu 1957. Imeneyi ili ndi makoyilo awiri olumikizidwa mosemphana kuti phokoso la ina lifafanize phokoso la inzake. Phokoso limathadi, koma liwu limanenepa, limalemera, ndipo kuwala kwa pamwamba kuja kumachepa. Komanso humbucker imatulutsa mphamvu yochuluka yokankhira ampu mpaka liwu kusweka, n'chifukwa chake oyimba rock anaikonda.

Tsopano tcherani khutu ku nyimbo zimene zinatilera. Daniel Kachamba wa kwa Singano ku Chileka, amene anatisiya mu 1987, ankayendetsa bezi ndi chala chachikulu kwinaku zala zina zikuyankha pamwamba, gitala mmodzi n'kumamveka ngati awiri. Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band ankadalira kuthwa kwa nsambo kuti mavinidwe adzuke. Magetsi atalowa m'mabandi athu, khutu lathu silinasinthe. Alleluya Band, imene inayamba ku Balaka mu 1978 ndi Paul Banda, inamanga mayimbidwe a dera lonse pa gitala woyera, wosasweka. Rizimu ya reggae ya Black Missionaries ndi kudula kwafupi, kouma, koti kakanenepa kamangosanduka matope pakati pa bezi ndi kiyibodi. Za ku Congo zimene makolo athu ankavina, za Franco ndi Docteur Nico, ndi magitala angapo olukana, aliyense ndi njira yake, kuwonjezera ka echo basi. Sungura ya ku Zimbabwe, momwe ana a Amalawi ngati Alick Macheso ndi Nicholas Zakaria anasiya chizindikiro chachikulu, ili chimodzimodzi. Ray Phiri, mwana wa bambo wa ku Malawi, amene dziko lonse linamumva pa chimbale cha Graceland mu 1986, anatchuka ndi liwu loyera lomwelo. Erik Paliani, amene anafika pojambulitsa Hugh Masekela chimbale cha Phola, simungamumve akubisala kuseri kwa phokoso.

Zonsezi zikutanthauza chinthu chimodzi. M'nyimbo zathu gitala sayimba yekha kutsogolo ena onse ali pambuyo. Amalukana ndi mnzake, amayankhana ndi ng'oma, amasiyira woyimba mawu mpata. Gitala wotere amafunika liwu lopyapyala pang'ono, loti lidutse pakati pa zida zina osaziphimba. Single coil imachita zimenezi mwachibadwa. Humbucker yamphamvu, yopangidwira heavy metal, imakhala pamalo pomwe kiyibodi ndi mawu a munthu zili kale, ndiye zonse zimangopanikizana. Ndamvapo mabandi a m'mipingo kuno kumene woyimba lidi akukweza, wa kiyibodi naye akukweza, kwaya n'kuyamba kukuwa, pomwe vuto lonse ndi lakuti gitala wavala liwu losakhala lake. Mnyamata wotero akanangobwezera pickup imene anaichotsa, aliyense akanatsitsa, ndipo agogo okhala kutsogolo akanamva uthenga.

Wina anena kuti nanga Paul Ngozi? Nanga WITCH ndi Amanaz a ku Zambia, amene m'zaka za m'ma 1970 ankasweka gitala mpaka fumbi kobo, ena mwa iwo akuyimba m'Chinyanja chathu chomwechi? Funso limeneli ndi labwino, ndipo ine sindikuletsa mwana wa ku Lifuwu kapena ku Chipoka kuyimba rock ngati mtima wake uli kumeneko. Koma kumbukirani kuti liwu loswekasweka la fuzz limachokera m'kabokosi kopondera pansi, ndipo Fuzz Face yotchuka ija ya 1966 ili ndi matiranzisita awiri okha, mulibe valavu ngakhale imodzi. Amene akufuna liwu la Paul Ngozi agule kabokosi, kamene mtengo wake sungafike ngakhale pang'ono pa mtengo wa ampu ya mavalavu. Akafuna kubwerera ku manganje kapena ku reggae, angopondanso kabokosiko, gitala wayera.

Nanga mkokomo uja, poti single coil ndiye mwini wake? Apa ndipo pamene anyamata ambiri amagonjera. Magetsi athu amayenda pa 50 Hz, ndipo pamalo pomwe pali jenereta, mababu a machubu, mafiriji a mowa ndi mawaya oyalidwa chisawawa, single coil imalira ngati yavulala. Koma mankhwala ake alipo, ndipo ndi otchipa. Pa magitala ambiri a mtundu wa Stratocaster a masiku ano, pickup yapakati imakulungidwa mosemphana ndi zinzake, kotero switchi ikakhala pamalo achiwiri kapena achinayi, ma pickup awiri amagwira ntchito limodzi n'kuzimitsa phokoso monga imachitira humbucker. Chosangalatsa n'chakuti malo awiri omwewo ndi amene amapereka liwu lokoma la rumba. Mkati mwa gitala, m'mphako momwe mumakhala mawaya, mungamatemo pepala la kopa kapena la aluminiyamu n'kulilumikiza ku earth, phokoso lina n'kuchepa. Kebulo ikhale yabwino ndipo isapitirire mamita 6, chifukwa ikatalika imadya kuwala kwa liwu. Ndipo musanaganize zosintha pickup, tengani sikuludiraiva muyese kuikweza kapena kuitsitsa. Mukadina nsambo pa fureti yomaliza, mpata wa pakati pa nsambo ndi maginito ukhale pafupifupi mamilimita 2. Ikayandikira kwambiri maginito amakoka nsambo, liwu limafa msanga ndipo gitala amamveka wosachunidwa ngakhale mwamuchuna kumene. Ndaona magitala ochuluka otchedwa oipa amene anachira ndi sikuluwu ziwiri.

Pali chinanso chimene wa ku Nashville sangakuuzeni chifukwa sakhala m'mbali mwa nyanja mu Okutobala. Kuno thukuta ndi chinyontho zimadya chitsulo. Nsambo zimachita dzimbiri m'masabata ochepa, timitu ta maginito timafiira, mchenga umalowa m'mavoliyumu n'kumakwekwereza mukamapotokola. Nsambo zadzimbiri sizingawale ngakhale mutaziikira pickup ya Seymour Duncan yeniyeni. Ndati yeniyeni chifukwa zonamizira zadzaza pa intaneti, dzina lokha pamwamba, mkati kawaya wamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndalama ya pickup imodzi yodula ingakugulireni nsambo za miyezi yambiri, ndipo kansanza kopukutira gitala mukamaliza kuyimba n'kaulere.

Tifike pa ampu ya mavalavu, imene ili pamtima pa nkhani yonseyi. Sindinama, ampu imeneyi ili ndi ukoma wake weniweni. Valavu ikapanikizidwa siswa liwu mwadzidzidzi, imalifinya pang'onopang'ono, kotero woyimba akakanda mofatsa liwu limayera, akakanda mwamphamvu limakalipa pang'ono, zonse zikuchokera m'dzanja. Vox AC30 ndi mavalavu ake a EL84, Fender Twin Reverb ndi ma 6L6 ake anayi, Marshall imene Jim Marshall anayamba kupanga ku London mu 1962, zonsezi zinatchuka pa zifukwa zomveka. Amene anayimbapo pa Twin Reverb yabwino sangaiwale. Koma funso langa si lakuti kodi ndi yokoma. Funso ndi lakuti kodi mnyamata wa ku Salima, amene amapita ku ukwati pa kabaza kapena kumbuyo kwa lole, ayenera kuika moyo wake wonse woyimba pa chipangizo chimenechi?

Twin Reverb imalemera pafupifupi makilogalamu 29. Mkati mwake muli mabotolo agalasi otentha, okhala ndi tizitsulo tosachedwa kugwedezeka. Iyendetseni kangapo pa msewu wa fumbi wopita ku Maganga, muone ngati valavu imodzi siyamba kulira yokha. Ikafa mukaipeza kuti? Padziko lonse mafakitale opanga mavalavu a magitala atsala owerengeka: JJ Electronic ku Slovakia, fakitale ya ku Saratov ku Russia imene imapanga za mayina a Sovtek, Electro-Harmonix ndi Tung-Sol, ndi ochepa a ku China. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, ngakhale oyimba a ku America ndi ku Ulaya anasowa mavalavu ndipo mitengo inakwera. Ife amene kwacha yathu inatsika ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsikanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ife amene ndalama zakunja zimasowa ngakhale zogulira mafuta ndi mankhwala, tikamanga liwu lathu pa botolo lochokera ku Saratov tikudzitchera tokha msampha. Komanso mavalavu akuluakulu sasinthidwa imodziimodzi ngati babu. Amagulidwa awiriawiri kapena anayianayi ofanana mphamvu, ndipo pa ampu zambiri pamafunika mmisiri woti ayeze ndi kukonza bias. Mkati mwa ampu yotere mumayenda magetsi opitirira 400V, ndipo ma capacitor amasunga magetsi amenewo ngakhale mwazula pulagi. Wokonza mafoni wa pamsika, ngakhale ali ndi luso lotani, akapisamo dzanja osadziwa zimenezi akhoza kufera pomwepo. Madala amene ankakonza mawailesi a mavalavu m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ambiri anapita, ndipo luso lawo sitinalitole.

Ndiye pali magetsi. Salima lero ili ndi malo aakulu opangira magetsi a dzuwa, a 60 MW, amene anayamba ntchito mu 2021, ndipo ndi chinthu chonyaditsa. Koma dziko lonse likudalirabe Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene unatigwera namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, pamene tinataya pafupifupi 130 MW. Zoona zake n'zakuti ukwati wa kumudzi, msonkhano wa chitsitsimutso ndi dansi ya m'mbali mwa nyanja zimayendera jenereta. Jenereta yaing'ono siikhazikika: firiji ikayaka mphamvu imatsika, ikazima mphamvu imalumpha. Mu ampu ya mavalavu thiransifoma imachulukitsa chilichonse chimene yalandira, kotero kulumpha pang'ono pa soketi kumakhala kulumpha kwakukulu pa valavu. Wina amatumiziridwa ampu ndi m'bale wake wa ku America, yopangidwira 120V, n'kuilowetsa pa 230V yathu. Utsi. Wina amaiyatsa sipika isanalumikizidwe, osadziwa kuti ampu ya mavalavu ikayimbidwa yopanda sipika thiransifoma yake imapsa. Zonsezi si umbuli wa anyamata athu. Palibe amene anawaphunzitsa, ndipo wa pa YouTube uja sanaganizepo zoti kuli anthu oyimbira pa jenereta.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti liwu loyera limene nyimbo zathu zimafuna silifuna n'komwe valavu. Ukoma waukulu wa valavu uli pamalire pomwe liwu layamba kusweka, ndipo ife pamalire amenewo sitikhalapo kawirikawiri. Roland JC-120, imene inatuluka mu 1975, ilibe valavu, koma oyimba padziko lonse amailemekeza chifukwa cha kuyera kwa liwu lake, ndipo chorus yake ndi imene makutu athu anaizolowera m'nyimbo zambiri za m'ma 1980. Peavey Bandit yakale imapirira nkhanza zoti ampu ina ikanafa kalekale, ndipo zida zake wokonza mawailesi aliyense amazidziwa. Boss Katana ya 50 W imalemera pafupifupi makilogalamu 12, yoti mnyamata angainyamule yekha, ndipo ili ndi echo ndi chorus mkati momwemo. Izi ndiye ampu za munthu woyimba kuti adye.

Nkhani ya mawati nayo yatipusitsa nthawi yaitali. Timaganiza kuti ampu ya 100 W imafuula kawiri kuposa ya 50 W, pomwe kusiyana kwake ndi ma decibel atatu okha, koti khutu limangokumva pang'ono. Kuti liwu limveke lokwera kawiri pamafunika mphamvu yochuluka kakhumi. Ndipo pamchenga, pomwe palibe khoma lobweza mawu ndipo mphepo ya kunyanja ikuuluza chilichonse, palibe ampu ya gitala imene ingadzaze bwalo payokha. Ntchito imeneyo ndi ya masipika akuluakulu. Ampu ya gitala ntchito yake ndi kupanga liwu ndi kumvetsa mwini wake, kenaka maikolofoni ngati Shure SM57 iikidwe pakamwa pa sipika kuti itengere liwulo kwa anthu. Choncho ngakhale amene watsimikiza mtima kuti akufuna mavalavu, ndipo ali ndi studio yake yokhala ndi chowongolera magetsi, agule yaing'ono ya 15 W ngati Fender Blues Junior, kapena ya 22 W ngati Deluxe Reverb. Imeneyo angaikweze mpaka pomwe valavu imakomera popanda kuthamangitsa anansi. Kugula ya 100 W n'kumaiyimbira pa nambala 1 ndi kulipira chinthu chimene sudzachimva.

Tsopano ndiloze chala kwa amene ali ndi mlandu waukulu, chifukwa mnyamata wolota Marshall ndi wolakwa pang'ono poyerekeza ndi wobwereketsa zida amene amabwera ku ukwati wopanda ampu ya gitala n'komwe. Chizolowezi chafala choti gitala amangolowetsedwa mu mikisa mwachindunji, pa bowo la line, basi ayimbe. Pickup ya gitala inapangidwa kuti ilowe pa khomo la pafupifupi 1 megaohm, monga zilili pa ampu zambiri za gitala. Khomo la line pa mikisa limakhala pafupifupi 10 kiloohm, kutsika ka 100. Zotsatira zake liwu limafooka, kuwala konse kumathawa, gitala amamveka ngati ali m'chipinda china. Woyimba amaganiza kuti pickup yake ndi yoipa, omvera amaganiza kuti woyimba sadziwa, mwini bandi amaganiza kuti bola kiyibodi. Umu ndi momwe gitala akufera m'nyimbo zathu. Pitani m'ma studio ang'onoang'ono mukamve kuchuluka kwa nyimbo zimene gitala wake ndi wa pa kiyibodi, wopanda kukwekwereza kwa chala, wopanda mpweya. Dziko la Kachamba lafika potengera gitala m'batani. Pomwe kabokosi ka active DI, kapena kopondera kamene kamatsanzira ampu, kangathetse vuto lonseli pa mtengo woti wobwereketsa zida angaubweze ndi maukwati ochepa.

Salima si malo wamba pa nkhani ya zoyimba. Mchenga wa Sunbird Livingstonia Beach walandira Sand Music Festival, imene anaiyambitsa malemu Lucius Banda, kwa zaka zingapo. Lake of Stars inachitikira ku Kabumba Hotel mu 2018. Oyimba a mayiko ena akamabwera amatumiziratu mndandanda wa zida zimene akufuna, ndipo okonza amayesetsa kuzipeza. Ine pempho langa ndi lakuti ulemu womwewo ufike kwa bandi ya kwathu imene imatsegulira dzuwa lili pamutu. Pa nsanja iliyonse yaikulu pakhale ampu ziwiri za gitala zosamalidwa bwino, ndi maikolofoni yake, ndipo woyimba wa kuno apatsidwe mphindi zoyesera zida monga amapatsidwira mlendo. Ngati pali malo pomwe ampu ya mavalavu ili yoyenera m'Malawi, ndi pamenepo: m'manja mwa kampani ya zokuzira mawu imene ili ndi jenereta yaikulu yokhazikika, mmisiri wake, ndi mavalavu osungira. Pamenepo mnyamata wa ku Senga Bay angailawe, aiyerekeze ndi yake, asankhe ndi khutu lake m'malo mosankha ndi khutu la munthu wa pafoni.

Pali nkhani ina imene sindingaidumphe ngakhale ikuoneka ngati yapatuka pa za liwu. Nsambo za gitala wamagetsi zimalumikizidwa ku earth ya ampu kudzera pa buliji. Izi zikutanthauza kuti waya wa earth ukasowa ndipo mkati mwa ampu china chikalakwika, magetsi amafika m'manja mwa woyimba. Leslie Harvey wa gulu la Stone the Crows anafera pa nsanja ku Swansea mu 1972 atagwira maikolofoni yopanda earth. Keith Relf wa Yardbirds anafa mu 1976 akuyimba gitala kunyumba kwake pa chifukwa chofanana. Ife kuno timadula mwendo wachitatu wa pulagi kuti ilowe pa soketi ya miyendo iwiri. Timalowetsa mawaya osavala mu soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi. Ena amachotsa earth dala chifukwa anamva kuti phokoso limachepa. Kenaka mnyamata amaima pa mchenga wonyowa, wopanda nsapato, milomo ili pa maikolofoni, manja ali pa nsambo. Milomo ikathetheka timaseka n'kumukulungira kansalu pa maikolofoni. Kuthetheka kumeneko ndi chenjezo la imfa. Jenereta iliyonse ya pa nsanja ikhomeredwe chitsulo cha earth pansi, ndipo pakhale chodulira magetsi cha RCD cha 30 mA. Mpingo umene uli ndi ndalama yogulira masipika asanu ndi atatu sungalephere kugula chimenechi. Abusa ndi akuluampingo, ana amene amakuyimbirani Lamulungu ndi ana a eni ake.

Ndipo luso lokonza zidazi tilibwezere. Salima Technical College ili pompano pafupi ndi nyanja, TEVETA ili ndi udindo wokonza maphunziro a ntchito zamanja, Music Crossroads ku Area 23 ku Lilongwe imaphunzitsa achinyamata kuyimba, Musicians Union of Malawi ndi COSOMA zimayankhulira oyimba. Mabungwe amenewa atagwirizana pa maphunziro afupiafupi okonza magitala ndi ma ampu, kuwotcherera mawaya, kuika earth, kuyeza pickup ndi mita, ngakhale kukulunga koyilo yopsa, boma lililonse lingakhale ndi mmisiri wake. Anthu amene amapanga babatoni ndi banjo kuchokera ku thabwa, chikopa ndi waya, anthu amene anatulutsa Madalitso Band kuchoka m'misewu ya Lilongwe kukafika pa nsanja za ku Ulaya, sangalephere kukulunga kawaya pa maginito. Pickup yokulungidwa ku Salima, yoyesedwa pa manganje ndi pa reggae ya ku Chileka, ingatiyenere kuposa yopangidwira blues ya ku Texas.

Kwa iwe mnyamata amene ukusunga ndalama ya Marshall, ndikupempha kuti uyambe wachita izi. Gula nsambo zatsopano. Konza kutalika kwa pickup. Peza kebulo yabwino, ndipo bwezera mwendo wachitatu pa pulagi. Ukatero tenga gitala wakoyo upite naye kwa wogulitsa, ulowetse mu ampu ya matiranzisita, uyimbe nyimbo zimene umayimba Loweruka pa ukwati, osati zimene unaona pa YouTube, ndipo ngati n'kotheka wa kiyibodi ndi wa bezi akhalepo. Liwu likadutsa pakati pawo loyera, gula imeneyo. Ndalama yotsalayo ugulire chowongolera magetsi, ndipo usakwerenso pa nsanja imene ilibe earth.